Levothyroxine akundithamangitsa mtima, ndisiye kapena ndipirire?

Mayi a Tadala
Moni nonse pagulu pano. Ndakhala ndikungowerenga osalembapo kanthu, koma lero zandifika pakhosi. Mwezi watha anandipeza ndi vuto la chithokomiro, chija chosagwira ntchito mokwanira. TSH, muyezo wa m'magazi umene umakwera chithokomiro chikafooka, inali 21. Adokotala anandipatsa levothyroxine, piritsi lolowa m'malo mwa homoni ya chithokomiro, 75 mcg kamodzi patsiku. Sabata yoyamba zinali bwinobwino, koma kuyambira tsiku la 9 mtima ukuthamanga ngati ndakwera phiri pomwe ndangokhala pampando. Usiku ndikagonera kumanzere ndimaumva ukugunda m'khutu. Manja akunjenjemera moti dzulo ulusi unandikanika kulowetsa pa singano, mwana wanga anachita kundilanda. Chondidabwitsa n'chakuti kufooka kumene ndinapitira kuchipatala kulipobe. Ndiye kuti mankhwalawa andichulukira, kapena thupi langa silikugwirizana nawo? Ndikuganiza zosiya mawa. Ndili ndi zaka 38.

NaChisale
Pepani kwambiri amayi. Tiuzeni kaye izi: pachifuwa pakupweteka? Mwagwapo kapena kumva ngati mukomoka? Mtimawo ukungofulumira kapena ukudumphadumpha? Ngati chimodzi mwa izi chilipo musadikire mayankho a pafoni, pitani kuchipatala lero lomwe. Ngati palibe, khalani phee mphindi zisanu, mugwire pamkono muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi yathunthu, mutiuze.

Mayi a Tadala
Pachifuwa sipakupweteka ayi. Ndawerenga kawiri, 104 kenako 108. Sukudumpha, ukungothamanga basi. Kubanika ndimabanika ndikakwera masitepe, koma zimenezo zinayamba kale ndisanayambe mankhwalawa.

Malume K
Achemwali, zimenezo n'zodziwikiratu. Thupi lanu likusowa selenium. Popanda selenium T4, homoni ya m'piritsimo, siisanduka T3 imene imagwira ntchito m'thupi, ndiye mankhwala amangodzazana m'magazi osagwira ntchito. Ine ndimamwa selenium, zinc, magnesium, vitamini D ndi kelp, ndipo chiyambireni sindinadandaulepo. Madokotala sangakuuzeni zimenezi, iwo amangoyang'ana TSH basi.

Wa ku Pharmacy
Malume, tiyambe tafunsa tisanamulembere munthu mabotolo asanu. Mayi a Tadala, tsiku limene anayeza TSH, anayezanso kuchuluka kwa magazi? Papepalapo pamalembedwa Hb. Ndipo ndikhululukireni pofunsa pagulu, msambo wanu umabwera bwanji?

Mayi a Tadala
Palibe chobisa, pano tonse ndi odwala. Hb 9.6. Anandiuza kuti magazi achepa pang'ono, tiyambe ndi chithokomiro kaye zinazo tidzaona ndikadzabweranso. Msambo kwa chaka tsopano ukumabwera wambiri, masiku 8 kapena 9, masiku awiri oyambirira sinditha n'kuchoka pakhomo. Ndipo china chochititsa manyazi, ndimatafuna ayezi wa mufiriji ngati mwana. Amuna anga amadabwa kuti ayezi akuthera kuti.

Wa ku Pharmacy
Apa ndiye pali poyambira. Kwa mayi wosayembekezera, malire a bungwe la zaumoyo padziko lonse (WHO) ndi 12, ndiye 9.6 si “pang'ono”. Ndipo kutafuna ayezi kumeneko musachite nako manyazi, ndi chizindikiro chodziwika bwino cha kuchepa kwa ayironi m'thupi. Ena amalakalaka dothi, ena choko.

Zimene zimachitika ndi izi. Magazi akachepa, mtima umakhala ukugwira kale ntchito yoposa muyezo kuti mpweya ufike paliponse. Koma chithokomiro chikafooka chimachedwetsa chilichonse, mtima womwe, ndiye vuto la magazi limabisala. Mukayamba levothyroxine thupi lonse limadzuka. Minofu imafuna mpweya wochuluka, mtima umayamba kumva adrenaline kwambiri, koma magazi oti anyamule mpweyawo ndi omwe aja ochepa. Mtima ulibe pothawira koma kufulumira. N'chifukwa chake munthu amamva ngati mankhwala amuchulukira pomwe kufooka kukadalipo, monga mwanenera inu.

Si nkhani yatsopano. Mu 2000 magazini ya Mayo Clinic Proceedings inafalitsa nkhani ya odwala 4 amene anali ndi mavuto awiriwa pamodzi. Atayamba thyroxine (levothyroxine yemweyu) mtima unkawathamanga, osatha kukhazikika, mpaka anasiyitsidwa. Anapatsidwa mapiritsi a ayironi otchedwa ferrous sulfate kwa milungu 4 mpaka 7, ndipo atayambanso thyroxine onse anamwa popanda vuto. Anthu 4 ndi ochepa, sindikunena kuti aliyense wothamanga mtima ndi ayironi, koma nkhani yanu ikufanana nayo kwambiri.

Komanso zinthu ziwirizi zimakokana. Chithokomiro chofooka chimachulukitsa msambo, msambo wochuluka umatha ayironi, ndipo enzayimu imene chithokomiro chimapangira mahomoni, yotchedwa TPO, imafuna ayironi kuti igwire ntchito.

Pempho langa: musasiye nokha. Bwererani mawa kwa adokotala, muwauze 104 ndi 108 ija, muwauze za msambo ndi ayezi. Pemphani ayeze ferritin, imeneyo ndiyo imasonyeza nkhokwe ya ayironi, komanso vitamini B12. Akhoza kukutsitsirani mlingo mpaka 25 mcg n'kumakwera pang'onopang'ono, koma zimenezo aweruze ndi iwo atakumverani mtima. Dziwaninso kuti mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, pamatenga pafupifupi masiku 7 kuti theka lake lichoke. Ngakhale mutasiya mawa, mkuja mtima sukhala utadekha.

NaChisale
Ndiwonjezereko chimodzi chosowa koma choopsa. Ngati mukuonda popanda chifukwa, khungu likuda kuposa kale makamaka m'mizere ya m'manja, mukulakalaka mchere, mukuchita chizungulire mukaimirira kapena kusanza, auzeni adokotala msanga. Pali matenda a Addison, ofooketsa tiziwalo ta pamwamba pa impso, amene nthawi zina amayendera limodzi ndi Hashimoto (matenda amene chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro), ndipo munthu wotero akayamba thyroxine asanalandire thandizo la Addisonyo akhoza kudwala mwakayakaya.

Mayi a Tadala
Kuonda kokha ayi, mwina mukananena kunenepa. Zikomo nonse, mawa m'mawa ndikapita.

Malume K
Chabwino ayironi, koma za selenium sindinaname. Kawerengeni.

Wa ku Pharmacy
Simunaname malume. Ma enzayimu amene amasandutsa T4 kukhala T3 alidi ndi selenium mkati mwake. Pamene ndikusiyana nanu ndi pa kudumpha kuchoka pamenepo kufika poti aliyense wodandaula agule botolo. Munthu wamkulu amafunika pafupifupi 55 mcg patsiku, ndipo ambiri amaipeza m'zakudya monga nsomba, mazira ndi nyama. Malire a chitetezo ku America ndi 400 mcg patsiku, ku Ulaya anawatsitsa mu 2023 kufika 255. Ikachuluka tsitsi limathothoka, zikhadabo zimathetheka, mpweya umanunkha ngati adyo. Taonani, tsitsi kuthothoka ndi chimodzi mwa zomwe zija anthu amagulira selenium kuti athane nazo. Kafukufuku wina anasonyeza kuti imatsitsako ma antibody a TPO, asilikali a m'thupi amene amaukira chithokomiro, koma kutsika kwa nambala papepala n'kosiyana ndi munthu kupeza bwino.

Chimene chandidetsa nkhawa pa mndandanda wanu ndi kelp. Ndi udzu wa m'nyanja, uli ndi ayodini wochuluka zedi ndipo mlingo wake umasiyana botolo ndi botolo. Munthu wamkulu amafunika 150 mcg patsiku. Kwa amene ali ndi Hashimoto, ayodini wopitirira akhoza kufooketsa chithokomiro kwambiri, ndipo kwa amene ali ndi timibulu m'chithokomiro akhoza kuchichititsa kuti chiyambe kugwira ntchito mopyola. Ndipo ngati mukumwa kale levothyroxine, ayodini ali kale m'piritsimo, ndi mbali ya homoniyo.

Malume K
Ine zaka zitatu tsopano, palibe chandichitikira.

Wa ku Pharmacy
Mulungu apitirize kukusungani. TSH munayezetsa liti?

Malume K
Papita nthawi.

Tiyamike_
Amayi a Tadala, akakupatsani mapiritsi a ayironi chonde mverani nkhani yanga kuti musagwe m'mbuna imene ndinagwa ine. Ndinali pa 75 mcg kwa zaka ziwiri, zonse zili bwino. Kenako magazi anachepa, anandipatsa ferrous sulfate. Ine pokhala munthu woiwala ndinagula kabokosi kaja ka zipinda 7, Lolemba mpaka Lamulungu, n'kumaika zonse m'chipinda chimodzi: kapiritsi koyera ka chithokomiro ndi kofiira ka ayironi. M'mawa ndikadzuka, kapu ya madzi, zonse kamodzi. Ndinkadziona wanzeru kwabasi.

Patatha miyezi itatu ndinayamba kuzizidwa masana dzuwa likuswa mtengo, nkhope kutupa m'mawa, kudzimbidwa. TSH inakwera kufika 11. Anandikweza pa 100, sizinatsike mokwanira, anandikweza pa 125. Palibe anandifunsa kuti ndimamwa bwanji, nanenso sindinaganize kuti n'zofunika kunena. Ndiye magazi atakwera ndinasiya ayironi uja. Abale inu! Milungu isanu isanathe ndinali kutuluka thukuta usiku, tulo osabwera, kukalipira ana popanda chifukwa. 125 yense uja tsopano ankalowa m'thupi popanda chomutchinga. Anachita kundibweza pa 75 pomwe ndinayambira. Chaka chathunthu chinapita chifukwa cha kabokosi.

Wa ku Pharmacy
Nkhani ya Tiyamike ndimakumana nayo pafupipafupi. Ayironi amagwirana ndi levothyroxine m'matumbo n'kupanga chinthu chimene thupi silingayamwe. Zinalembedwa kale mu 1992 mu Annals of Internal Medicine, ndipo za calcium carbonate zinatuluka mu JAMA mu 2000. Lamulo ndi maola 4 pakati pa levothyroxine ndi ayironi, kashiamu, magnesium, mankhwala a chilungulira okhala ndi aluminium, komanso ma multivitamin chifukwa ambiri ali ndi zomwezi mkati. Chosavuta: chithokomiro m'mawa mukangodzuka, ayironi masana kapena madzulo. Malume, magnesium ndi zinc wanu mumamwa nthawi yanji?

Malume K
Zonse m'mawa. Koma ndiye mwandipezerera lero.

Mphunzitsi wopuma
Ana anga, ine ndili ndi zaka 67 ndipo mankhwalawa ndamwa zaka 19. Ndikuuzeni za tchimo langa, khofi. Zaka zonse zimene ndinkaphunzitsa ndinkadzuka 5 koloko, piritsi m'kamwa, khofi wamkaka pambuyo pake nthawi yomweyo. Madzi ndinkaona ngati kutaya nthawi. TSH yanga inkavina, lero 2 mawa 7, adokotala mpaka anandifunsa mwaulemu ngati sindidumphitsa masiku. Zinandipweteka, ine munthu amene sindinachedwepo ku ntchito. Namwino wina wachitsikana ndiye anandifunsa funso limene akuluakulu onse sanafunse: “Amayi, mumamwera chiyani?”

Anati ndidikire ola lathunthu ndisanamwe khofi. Ndinayesa milungu iwiri, ndinkangoyang'ana wotchi ngati mwana wodikira belu. Ndinalephera, ndisaname. Ndiye tinagwirizana kuti ndizimwa usiku pogona. Ndimadya 6 koloko madzulo, 10 koloko piritsi ndi madzi, kabotolo kamakhala pafupi ndi magalasi anga. Khofi wanga m'mawa palibe amandiletsa. Chiyambireni TSH inakhazikika.

Tiyamike_
Aphunzitsi, kumwa usiku sikukusowetsani tulo?

Mphunzitsi wopuma
Ayi mwanawe. Chimandisowetsa tulo ndi bondo.

Wa ku Pharmacy
Aphunzitsi sakulakwa. Ku Netherlands anachita kafukufuku amene anatuluka mu 2010, ndipo anapeza kuti omwa pogona anali ndi TSH yotsikirapo kusiyana ndi pamene ankamwa m'mawa. Chofunika n'chakuti papite maola atatu kapena kuposa chidyereni. Amene mumadya mochedwa kapena kumwa mkaka pogona, njira imeneyi si yanu. Za khofi anazisonyeza madokotala a ku Italy mu 2008. Ngakhale m'mimba muli mopanda kanthu thupi limayamwa pafupifupi 60 mpaka 80 peresenti ya piritsi, ndiye chilichonse chochotsapo china chimaoneka m'magazi. Amene mumamwa m'mawa, madzi okha, kenako mphindi 30 mpaka 60 musanadye.

Koma ndinene chinthu chimene mabuku sakonda kunena mokweza. Munthu amene amamwa mofanana tsiku lililonse, ngakhale asakutsata lamulo ndendende, adokotala akhoza kumupezera mlingo womuyenera. Wovuta ndi amene Lolemba amadikira ola, Lachiwiri amamwera tiyi wamkaka, Lachitatu waiwala. Ameneyo mlingo wake supezeka.

Chisomo M
Funso langa mwina n'lopusa. Azakhali anga anandiuza kuti ndisadyenso kabichi, broccoli ndi soya mpaka kalekale. N'zoona? Kabichi ndimamukonda.

NaChisale
Idyani kabichi wanu achemwali. Masamba amenewo alidi ndi tinthu timene timasokoneza chithokomiro kugwiritsa ntchito ayodini, koma kuphika kumatichepetsa kwambiri, ndipo kuti zifike povulaza pamafunika kudya osaphika ambirimbiri tsiku ndi tsiku. Komanso inu homoni mukuilandira m'piritsi, sikudalira chithokomiro chanu ayi. Soya nkhani yake ndi ina, amachepetsa kuyamwa kwa piritsi m'matumbo. Osamusiya, koma asayandikane ndi nthawi ya mankhwala, ndipo ngati mwayamba kumudya tsiku lililonse pomwe kale simunkatero, kayezetseni TSH pakatha milungu 6 kapena 8. N'chimodzimodzi amene mwayamba kumwa zija za fibre zothandiza kudzimbidwa.

Chisomo M
Zikomo. Miyezi isanu ndakhala ndikumuyang'ana kabichi ngati mdani.

Dalitso wa Tsitsi
Poti tikuulula machimo, nali langa. Tsitsi litayamba kuthothoka chifukwa cha chithokomiro ndinagula mavitamini aja a tsitsi, khungu ndi zikhadabo. Pabotolo panalembedwa biotin 10,000 mcg, ine n'kumati nambala yaikulu ndiye mphamvu. Nditapita kukayezetsa, zotsatira zinabwera zodabwitsa: TSH pansi penipeni, free T4, muyezo wa homoni ya chithokomiro m'magazi, kumwamba. Papepala ndinkaoneka ngati mankhwala andichulukira kwambiri, koma ine m'thupi ndinali wozizidwa, watulo, mtima 62. Ananditsitsira mlingo. Mwezi wotsatira ndinkagona pa desiki ku ntchito. Mwamwayi dokotala wachiwiri anati nditulutse zonse za m'chikwama changa patebulo. Atangoona botolo lija anaseka, anati ndisiye masiku angapo tiyezenso. TSH yeniyeni inali 9.

Wa ku Pharmacy
Imeneyo ndi mbuna ina, ndipo ndi yosiyana ndi ya ayironi. Biotin sakhudza chithokomiro kapena piritsi, amanamiza makina a mu labu. Njira zambiri zoyezera mahomoni zimagwiritsa ntchito biotin mkati mwake, ndiye wa m'magazi mwanu akachuluka amasokoneza kuwerenga: TSH imaoneka yotsika, T4 yokwera. Bungwe la FDA ku America linachenjeza za izi mu 2017, ndipo nkhawa yawo yaikulu inali pa troponin, muyezo wa matenda a mtima, umene ukhoza kuoneka wabwino pomwe munthu ali pangozi. Thupi limafuna 30 mcg yokha patsiku, yerekezerani ndi 10,000 ya Dalitso. Siyani masiku osachepera awiri musanayezetse, ndipo muwauze a ku labu kuti mumamwa. Chinanso, tsiku loyezetsa ndi bwino kumwa levothyroxine magazi atatengedwa kale, chifukwa free T4 imakwera kwa maola angapo mukangomwa piritsi.

Dalitso wa Tsitsi
Ndipo tsitsilo linabwerera chifukwa cha ayironi ndi mlingo woyenera, osati botolo lija.

Mankhwala Achilengedwe 100%
Abale musavutike ndi mapiritsi a moyo wonse. Tili ndi mankhwala oyeretsa chithokomiro m'masiku 21, ambiri achira. Ndilembereni ku inbox.

Admin
Uthenga uwu ndausiya dala kuti muone chifukwa chimene mwini wake ndamuchotsera. Pagulu pano sitigulitsa kanthu, ndipo wouza odwala kuti asiye mankhwala alibe malo. Pitirizani.

Bambo a Mphatso
Ine ndine wa shuga komanso chithokomiro. TSH ili bwino, 1.8, chaka chonse. Koma mapazi achita dzanzi, ndimamva ngati ndaponda thonje, lilime limawawa, ndipo ndikuiwala mayina a anthu oti ndimawadziwa bwino. Ndinapempha kuti andiwonjezere levothyroxine, anakana. Ndinakhumudwa, ndinaona ngati sakundimvetsa.

NaChisale
Bambo, mumamwa metformin? Kwa zaka zingati?

Bambo a Mphatso
Eya, zaka 8 tsopano.

NaChisale
Anachita bwino kukana, koma nkhani isathere pamenepo. Kapempheni muyezo wa B12. Metformin akamwedwa zaka zambiri amachepetsa B12, ndipo anthu a Hashimoto ena chitetezo cha m'thupi chomwe chija chimene chinaukira chithokomiro chimaukiranso m'mimba, B12 osayamwika. Dzanzi, lilime kuwawa, kuiwala, kufooka, zonsezo B12 amachita. Shuga nayenso amawononga mitsempha ya m'mapazi, ndiye aone zonse ziwiri. Osazengereza, mitsempha ikawonongeka nthawi yaitali sibwerera yonse. Ngati vuto lili m'mimba nthawi zambiri amapereka jakisoni. Kuwonjezera levothyroxine pomwe TSH ili 1.8 kukanangokuikani pangozi ya mtima kugunda mosalongosoka ndi mafupa kufewa, dzanzilo lili pomwepo.

Wa ku Pharmacy
Poti mwatchula m'mimba. Piritsi la levothyroxine limafuna asidi wa m'mimba kuti lisungunuke bwino. Kafukufuku wa mu New England Journal of Medicine mu 2006 anapeza kuti odwala amene anali ndi tizilombo ta m'mimba totchedwa H. pylori kapena m'mimba mosatulutsa asidi mokwanira ankafunika mlingo wokwera ndi 22 mpaka 34 peresenti. Omeprazole ndi anzake nawonso amachepetsa asidi, ndipo apa kusiyanitsa maola sikuthandiza kwenikweni chifukwa mphamvu yake imakhala tsiku lonse. Ngati mukufunikadi omeprazole imwani, koma TSH iyezedwe mukayamba komanso mukasiya. Munthu amene mlingo wake ukungokwerakwera, kupyola kwambiri 1.6 mcg pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake, pomwe akumwa mokhulupirika, afufuzidwe m'mimba: H. pylori, matenda a coeliac (matumbo kusagwirizana ndi tirigu), kapena kusagwirizana ndi lactose, shuga wa mu mkaka.

Tiyamike_
Nanga vitamini D? Aliyense pa intaneti akungoti D, D, D.

Wa ku Pharmacy
Anthu ambiri a Hashimoto amapezeka ndi vitamini D wotsika, zimenezo n'zoona. Akachepa kwambiri mafupa ndi minofu zimawawa, munthu n'kumaimba mlandu levothyroxine. Ngati mwayezetsa ndipo ndi wotsika, imwani mlingo umene akupatsani. Koma salowa m'malo mwa homoni, ndipo poti amasungika m'mafuta a m'thupi, kumwa milingo ikuluikulu miyezi yambiri kumakweza kashiamu m'magazi mpaka kuvulaza impso. Chenjeraninso, mapiritsi ambiri a vitamini D amabwera ophatikiza ndi kashiamu. Werengani pabotolo, ngati kashiamu alimo ndiye maola 4 aja.

Mayi Woyembekezera
Pepani kulowerera. Ndangodziwa sabata ino kuti ndili ndi pakati, milungu 6. Ndili pa 100 mcg. Mapiritsi a ayironi ndi folic acid ndayamba kale. Nditani?

NaChisale
Mwayi wake amayi! Inu musadikire tsiku lanu la sikelo, lankhulani ndi adokotala sabata ino. Pakati pamafuna homoni yochuluka kuyambira milungu yoyambirira, ambiri amawonjezeredwa pafupifupi 25 mpaka 30 peresenti, ndipo mwana miyezi yoyambayi amadalira homoni ya mayi pa kakulidwe ka ubongo. TSH amayeza pafupifupi milungu 4 iliyonse mpaka pakati pa ulendo. Ayironi musasiye, ingomusunthirani madzulo. Ngati mseru wa m'mawa ukukusanzitsani piritsi, auzeninso, mwina kumwa pogona kungakuthandizeni.

Mphunzitsi wopuma
Chimodzi chimene simunatchule. Ine akandisinthira kampani ya mapiritsi ndimamva m'thupi, ngakhale nambala ili yomweyo. Mdzukulu wanga amati ndi maganizo chabe.

Wa ku Pharmacy
Si maganizo okha aphunzitsi. Homoni ndi imodzi koma zophatikizamo zimasiyana, ndipo mankhwalawa kusiyana pang'ono kumamveka kwa anthu ena. Ku France mu 2017 anasintha kapangidwe ka mtundu wina wa levothyroxine wotchedwa Levothyrox, anachotsa lactose n'kuikamo mannitol ndi citric acid. Anthu masauzande ambiri anadandaula za kutopa, mutu, chizungulire ndi tsitsi kuthothoka, nkhani inafika mpaka kukhoti, ndipo boma linalola kuti mtundu wakale ubwerere kwa kanthawi. Ngati n'kotheka khalani pa mtundu umodzi. Akakusinthirani ndipo mukumva kusintha, yezetsani pakatha milungu 6.

Mayi a Tadala
Ndabwera kuchipatala. Adokotala anamvera mtima, anandijambula ECG, ati ukuthamanga koma ukuyenda mwadongosolo. Ferritin 6. Iwo omwe anagwira pakamwa. B12 ili bwino. Anditsitsa pa 25 mcg, andipatsa ferrous sulfate, ndipo anditumiza kwa dokotala wa amayi kuti aone za msambo, ati tisangoganiza kuti ndi chithokomiro chokha. Nditawauza za maola 4 anandifunsa kuti ndazimva kuti.

Tiyamike_
Kabokosi kaja musagule! Kapena mugule tiwiri tosiyana mtundu.

Wa ku Pharmacy
Ferritin 6 ndiye kuti nkhokwe inali itapsereratu. Musadabwe chimbudzi chikada, ndi ayironi ameneyo. Osamwera tiyi kapena khofi, amatchinga ayironi. Akakuvutani m'mimba musangosiya, funsani ngati mungamamwe modumphitsa tsiku, ambiri amapirira bwino motero ndipo amayamwikabe. Hb imakwera msanga kuposa ferritin, ndiye akadzati magazi afika, nthawi zambiri mumapitirizabe miyezi itatu kuti nkhokwe idzaze. Ndipo tsiku limene mudzasiye ayironi, kumbukirani za Tiyamike.

Mayi a Tadala
Ndabweranso patatha milungu 7, mwina ena mwaiwala. Hb 11.4. Mtima ndikakhala pansi 78 mpaka 82. Anandikweza pa 50 mcg milungu itatu yapitayo ndipo sindinamve kalikonse, ndinkachita kudikira kuti uyamba liti kuthamanga koma ayi ndithu. TSH ikadali pamwamba, ati tidzayezanso tisanakwere pa 75 uja anandizunza poyamba. Kufooka kwachepa koma sikunathe, madzulo ndimakhalabe wolefuka. Ayezi ndinangozindikira tsiku lina kuti papita sabata ndisanatsegule firiji kukamufuna. Kwa dokotala wa amayi anapeza ka fibroid, kachotupa kakang'ono ka m'chiberekero, tikukambirana zochita.

Funso: ayironi ndimamwa 1 koloko masana koma kawiri konse ndaiwala mpaka usiku. Ndikamwa 9 koloko usiku, m'mawa 5 koloko n'kumwa wa chithokomiro, zili bwino?

Wa ku Pharmacy
Maola 8 amenewo, palibe vuto.

Malume K
Ine ndinakayezetsa. TSH 7.2. Kelp ndasiya, magnesium ndi zinc ndasunthira usiku, tidzayezanso mwezi wamawa. Selenium yekha ndiye sindinasiye, musandifunse.

Mphunzitsi wopuma
Botolo lake ndi la ma mcg angati, achimwene?

Malume K
200. Ndati musandifunse aphunzitsi.